Mwendo ukamakana mtunda: fodya, mowa ndi mitsempha ya abambo

Pali kayendedwe kena kamene munthu wodziwa matenda a mitsempha ya magazi amakazindikira ali patali. Bambo wa zaka za m'ma 50 akuchoka padooko ku Senga Bay kulowera kumsewu. Akayenda mtunda wonga mabwalo awiri a mpira, katumba wa mwendo umodzi amayamba kukokana ngati wamangidwa ndi chingwe cha ukonde. Bamboyo amaima n'kutulutsa foni kuti odutsa aziyesa akuwerenga uthenga. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu ululu umatheratu, osakhala pansi, osadzola kanthu, ndipo ulendo umapitirira. Mawa lake adzaimanso pamalo omwewo. Kunyumba amati ndi nyamakazi, ena amati anaponda mankhwala panjira. M'thumba la malaya muli ndudu zitatu ndi machesi.

Imeneyi si nyamakazi. Nyamakazi imagwira m'mawondo ndi molumikizana mafupa, ndipo imavuta kwambiri munthu akamadzuka kapena akangoyamba kuyenda. Ululu wa bamboyu uli mumnofu, umabwera atayenda mtunda wodziwika, ndipo umachoka akangoima. Mtsempha wobweretsa magazi kumwendo wachepa mkati. Ali chikhalire magazi ochepawo amakwana, koma mnofu ukayamba ntchito umafuna ochuluka, sawapeza, ndiye umalira.

Abambo ambiri kuno kunyanja amadziwa kuti fodya amawononga mapapo ndipo mowa umapsereza chiwindi. N'zoona. Koma chimene chimatipweteka mtima n'chakuti ambiri amene akutsokomola pang'ono chabe, ndipo chiwindi chawo chikadali bwino, amadziyesa opulumuka, pamene mitsempha yochotsa magazi kumtima kupita nawo kumutu, kumiyendo, kuimpso ndi kumnofu wa mtima weniweniwo inayamba kale kutsekeka.

Amene analimapo mpunga ku Lifuwu kapena ku Bua amadziwa zimene matope amachita m'ngalande. Madzi amayendabe, koma chaka ndi chaka njira imachepa, ndipo munda wakumapeto ndi umene umayamba kuuma. Mumtsempha zimayamba chonchi: mkati mwake muli kachikopa kosalala, kopyapyala kwambiri, kamene kamachititsa kuti magazi azitsetsereka osamata. Kachikopako kakakalika, mafuta a m'magazi otchedwa kolesterolo amalowa pansi pake. Thupi limatumiza asilikali ake kukawameza, asilikaliwo amafera pomwepo, ndipo pamakhala chotupa cha mafuta chokutidwa ndi kachivindikiro. Chimakula mwakachetechete kwa zaka 20 kapena 30. Apa ndi pamene mtsempha umasiyana ndi ngalande: kachivindikiro kaja kamatha kung'ambika tsiku limodzi, magazi n'kuundana pamenepo m'mphindi zochepa, njira yonse n'kutsekeka. Zikachitika mumtsempha wodyetsa mtima, mbali ya mtima imafa. Zikachitika mumtsempha wopita kuubongo, ndiye sitiroko ija timati kufa ziwalo. N'chifukwa chake munthu amene dzulo amakoka chilimira bwinobwino lero angagwe osadwala n'komwe.

Utsi wa fodya umagwira ntchito mbali zonse za vutoli. Muli mankhwala oposa 7,000, ndipo ambiri amakala kachikopa kaja. Nikotini amafinya mitsempha ndi kuthamangitsa mtima, kotero ndudu iliyonse imakweza BP kwa kanthawi, ndipo wosuta ndudu 15 patsiku amaikweza ka 15. Mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka, umakakamira magazi kuposa okosijeni kopitirira ka 200, ndiye magazi ochepa amene akudutsa pamalo opanikizika aja amafikanso opanda katundu wokwanira. Kuwonjezera apo, utsi umachititsa magazi kukhala omata, osachedwa kuundana.

Kuundana kumeneku ndiko kumagwetsa chiyembekezo cha abambo amene amati, "Ine ndinachepetsa, ndimangosuta ziwiri basi." Pa khansa ya m'mapapo kuchepetsa kumathandizako. Pa mitsempha ayi, chifukwa utsi wochepa ndi wokwanira kumatitsa magazi. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2018, wosonkhanitsa zotsatira za maphunziro oposa 100, anapeza kuti wosuta ndudu imodzi yokha patsiku amasenza pafupifupi theka la chiopsezo chowonjezera cha matenda a mtima chimene wosuta ndudu 20 ali nacho. Theka, osati gawo limodzi mwa magawo 20. Wogula imodziimodzi pa okala asadzinamize kuti ali kutali ndi wogula paketi.

Fodya wa chingambwe, wopichira m'pepala la kope kapena la nyuzi, ena amamuyesa wabwino poti ndi wakumunda, sanadutse kufakitale. Mitsempha siidziwa kusiyana kumeneko. Chilichonse chopsa chimatulutsa carbon monoxide, ndipo chingambwe chilibe n'kasefa komwe. Kasefako nakonso sikateteza mtima. Chamba chosutidwa ndi utsi womwewo. Fodya wapamphuno ndi woika kumlomo alibe utsi, koma nikotini ali momwemo ndipo amakweza BP. Ndipo mayi amene amagona chipinda chimodzi ndi wosuta, ngakhale sanagwirepo ndudu, chiopsezo chake cha matenda a mtima chimakwera ndi 25 mpaka 30 peresenti.

Tikunena za abambo pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi chilengedwe: amayi amatetezedwako ndi mahomoni awo mpaka atasiya kusamba, kotero matenda a mitsempha ya mtima amawapeza mochedwerapo ndi zaka 7 mpaka 10. Chachiwiri ndi khalidwe. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009, pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64, anapeza kuti abambo 26 mwa 100 alionse amasuta, pamene amayi anali 3 okha. Omwa mowa anali abambo 30 ndi amayi 4. Munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Amene ali ndi shuga kapena kachilombo ka HIV, ngakhale akumwa ma ARV mokhulupirika, mitsempha yawo imakalamba msanga, ndiye fodya kwa iwo ndi kuthira palafini pamoto.

Pali chizindikiro china chimene chimabwera msanga kuposa cha mwendo, koma abambo sachitchula kuchipatala. Mitsempha yopita kumaliseche a bambo ndi yaing'ono, mamilimita 1 kapena 2 m'mimba mwake. Yodyetsa mtima ndi mamilimita 3 kapena 4, yapakhosi yopita kuubongo 5 mpaka 7. Matope ofanana akaunjikana monsemo, kangalande kakang'ono ndiko kamayamba kutsekeka. Choncho bambo wa zaka 45, wosuta, amene mphamvu zakuchipinda zayamba kuchepa pang'onopang'ono, amene m'mawa sadzukanso monga kale, nthawi zambiri walandira chenjezo zaka zitatu mpaka zisanu vuto la mtima lisanaonekere. Anzake amuseka kuti wagwa mumpapaya, iye athamangira gondolosi kapena mapiritsi ogulitsidwa mobisa pamsika, ndipo mwayi wa zaka zimenezo utayika. Achimwene, nkhani iyi ndi yoti mukanene kwa dokotala, akuyezeni BP ndi shuga tsiku lomwelo. Dziwaninso kuti mapiritsi a sildenafil, aja owonjezera mphamvu zakuchipinda, akakumana ndi mankhwala a ululu wapamtima a mtundu wa nitrate, monga aja oika pansi pa lilime, BP imagwa mpaka munthu kukomoka kapena kufa kumene.

Mowa umadzera khomo lina. Sukala mtsempha mwachindunji monga utsi. Ntchito yake yaikulu ndi kukweza BP, ndipo BP yokwera ndi imene imamenya makoma a mitsempha usana ndi usiku mpaka kuuma kapena kuphulika. Apa pali chinyengo chimene chasokoneza ambiri. M'maola oyamba munthu atamwa, mitsempha imamasuka ndipo BP imatsika pang'ono, ndiye wina akadziyeza ali pabala amati mowa ndi mankhwala. Pakatha maola 12 kapena 13 imakwera kuposa pamene inali. M'mawa wa matsire, pamene mutu ukuwawa ndipo mtima ukugunda ngati ng'oma, ndi nthawi imene mitsempha ili pampanipani. Womwa tsiku ndi tsiku BP yake siipeza mpata wobwerera.

Kumwa kochuluka nthawi imodzi kumasokonezanso kagundidwe ka mtima. Zipinda zakumtunda za mtima zimayamba kunjenjemera m'malo mopopa, magazi amadikha m'menemo n'kuundana, ndipo kachibulumwa kakathothoka kamakatseka mtsempha wa muubongo kapena wamwendo. Mukagwira pamkono mumamva kugunda kopanda ndondomeko, kwina kothamanga, kwina kodumpha. Zaka zambiri za uchidakwa zimalefula mnofu wa mtima, umakula n'kukhala wolobodoka, miyendo n'kumatupa, munthu n'kumalephera kugona chagada chifukwa cha befu.

Kuti tidziwe kuti "wochuluka" ndi wotani, tiwerenge mowa weniweni umene uli m'chakumwa. Botolo la mowa wa 330 ml wa mphamvu pafupifupi 5 peresenti lili ndi magalamu 13. Lita imodzi ya chibuku kapena masese, mphamvu ikafika 4 peresenti, ili ndi magalamu 32, ndipo mowa wotere umapitirira kuwira, wa dzana suli ngati wa lero. WHO imati munthu wamwa mopyola akafika magalamu 60 pakukhala kumodzi, ndiye kuti mabotolo asanu kapena mapaketi awiri. Tsono kachasu. Mphamvu yake siilembedwa paliponse, wa mutu ndi waukali kuposa wotsatira, koma titenge wa 40 peresenti, wofanana ndi mowa waukali wa m'sitolo. Wodzaza botolo la Fanta la 300 ml ali ndi magalamu 95, ofanana ndi mabotolo 7 a mowa uja. Anthu awiri akagawana botolo limodzi asanadye, aliyense wayandikira kale malire. Timabotolo tapulasitiki timene tinalowa m'malo mwa masacheti tili m'gulu lomweli.

Kamwedwe kathu kuno ndi kamene kamavulaza kwambiri. Msodzi amatha masiku osalawa, koma usipa ukagwa bwino ndalama ya usiku wonse imathera pamalo amodzi. Wodula nzimbe ku Dwangwa amadikira malipiro. Amati, "Ine sindimwa tsiku lililonse." Koma mabotolo 14 omwedwa Loweruka limodzi amapweteka mitsempha kuposa omwewo atagawidwa sabata yonse. Zimene ena amanena zoti vinyo wofiira amateteza mtima tizisiye. Chimodzi mwa zimene zinkaonetsa omwa pang'ono ngati athanzi n'chakuti m'gulu la "osamwa" munkawerengedwa anthu amene anasiya mowa atadwala kale. Mu January 2023 WHO inanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza. Amene samwa asayambe poti akufuna kuthandiza mtima.

Fodya ndi mowa zimayendera limodzi. Pabala ndi pamene wosuta ndudu zisanu patsiku amasuta 15 usiku umodzi, kanyenya ndi mang'ina zothira mchere wodzaza dzanja zili pambali. Mowa ukukankha makoma a mtsempha, utsi ukuwakala ndi kumatitsa magazi, mchere ukuwonjezera BP. Mchere woyenera munthu patsiku lonse sufika magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi kosasefukira, kuphatikizapo wa m'ndiwo.

Tibwerere kumwendo, chifukwa apa ndi pamene zolakwika zochitikira kunyumba zimadulitsa anthu. Matenda akakula, ululu umayamba kubwera munthu ali chigonere, makamaka usiku, m'zala ndi kutsogolo kwa phazi. Wodwala amapeza mpumulo akalendewetsa mwendo pambali pa bedi, chifukwa magazi amatsika okha. Phazilo limazizira kuposa linzake, cheya cha pamsongolo chimathothoka, khungu limanyezimira, zikhadabo zimakhuthala. Mutha kudziyeza: ikani zala ziwiri kuseri kwa kakolo wamkati, kenako pamwamba pa phazi, pakati pa mzere wa chala chachikulu ndi chotsatira, mufanizire mapazi onse awiri. Anthu ena abwinobwino kugunda kwa pamwamba pa phazi sikumveka, koma malo onse awiri akakhala zii mwendo umodzi, pitani kuchipatala. Kumene kuli zipangizo amayeza BP pakakolo n'kuigawa ndi yapamkono, ndipo yankho likachepera 0.9 ndiye kuti mtsempha wachepa.

Phazi lotere musalitemere mphini. Bala lililonse limafuna magazi kuti lipole, ndipo mphini zisanu ndi zilonda zisanu zimene sizipola. Musalithowe ndi madzi otentha kapena kuliwotha pamoto, chifukwa lili ndi dzanzi ndipo limapsa mwini wake osamva. Musayende opanda nsapato pamchenga wamasana kapena padooko pamene pali minga ya nsomba ndi mbedza. Thekenya lisazulidwe ndi lezala kunyumba. Madzulo aliwonse yang'anani pakati pa zala ndi kuchidendene. Chala chikayamba kuda kapena bala likatha sabata ziwiri osatseka, limenelo ndi la kuchipatala cha boma ku Salima kapena ku Nkhotakota, kumene angakutumizeni ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Pali mtundu wina wa matendawa, wotchedwa ndi dzina la dokotala Leo Buerger amene anaufotokoza mu 1908, umene umagwira amuna osuta osafika zaka 45 n'kumadya zala zakumapazi ndi zakumanja chimodzichimodzi. Mankhwala ake enieni ndi kusiyiratu fodya. Ngakhale ndudu imodzi patsiku imaupitiriza.

Amene akadali pa siteji ya bambo wa ku Senga Bay uja, opanda bala ndiponso opanda ululu wausiku, mankhwala awo ndi odabwitsa: kuyenda. Yendani mpaka katumba apweteke ndithu, imani mpaka ululu uthe, yambiraninso, mpaka nthawi yoyenda ikwane mphindi 30 kapena 45. Chitani zimenezi katatu pasabata kwa miyezi itatu osadumphitsa. Mnofu umaphunzira kugwira ntchito ndi magazi ochepa ndipo timitsempha tam'mbali timathandizira, kotero ambiri mtunda wawo umawonjezeka kwambiri. Wopitiriza kusuta amafafaniza phindu limeneli.

BP iyezedwe bwino, apo ayi nambala imanama. Musasute kapena kumwa khofi kwa mphindi 30 musanayezedwe, tayani madzi kaye, khalani pampando mphindi 5, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, osayankhula. Ikapezeka 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, ndi matenda, ngakhale mutu usawawe. Ikafika 180/110 musadikire tsiku lina. Mankhwala monga HCTZ, amlodipine ndi enalapril ndi a tsiku ndi tsiku. Cholakwika chofala n'chakuti bambo amadumpha mapiritsi Lachisanu ndi Loweruka poopa kusakaniza ndi mowa, ndiye amachotsa chitetezo pa masiku enieni amene BP ikukwera. Chochotsa ndi mowawo. Kwa omwa kwambiri, kungodula mowa ndi theka kumatsitsa nambala yapamwamba ndi pafupifupi 5. Aspirin wa 75 mg ndi mankhwala otsitsa kolesterolo amathandiza amene mitsempha yawo yapezeka kale ndi vuto, koma akulembereni ndi adokotala. Aspirin pamimba ya munthu womwa kachasu amatha kutsegula zilonda n'kusanzitsa magazi.

Zinthu zitatu sizidikira kucha. Kulemera pachifuwa ngati wakuikani thumba la simenti, kopitirira mphindi 15, kofalikira kumkono wamanzere kapena kunsagwada, ndi thukuta lozizira: ambiri amati ndi chilungulira n'kumwa soda. Ngati munthuyo alibe zilonda zam'mimba ndipo aspirin samuwenga, atafune wa 300 mg, anyamulidwe, asapalase njinga yekha. Kukhota kwa kamwa, mkono umodzi kugwa, mawu kumveka ngati woledzera: iyi ndi sitiroko, ngakhale zitatha zokha pa mphindi 10. Apa musapereke aspirin, chifukwa mwina mtsempha waphulika, ndipo musamumwetse madzi kapena phala poti angatsamwe. Choopsa n'chakuti womwa mowa akagwa motere anzake amamugoneka kuti mowa utsike. Yang'anani nkhope, mukwezeni mikono yonse iwiri muone ngati umodzi ukugwa. Chachitatu ndi mwendo wopweteka mwadzidzidzi, wozizira, wotuwa, wosamva kukhudza. Pakatha maola pafupifupi 6 mnofu umayamba kufa.

Kusiya fodya kumabweza zambiri, ndipo msanga. Pa maola 12 carbon monoxide amakhala atatsika kufika pa mlingo wa munthu wosasuta. Pakatha chaka, chiopsezo chowonjezera cha matenda a mtima chimatsika ndi theka. Richard Doll ndi anzake anatsatira madokotala aamuna a ku Britain kwa zaka 50 kuyambira 1951, ndipo anapeza kuti osuta amafa msanga ndi zaka pafupifupi 10, koma wosiya ali ndi zaka 40 amabweza 9, wa zaka 50 amabweza 6, ndipo ngakhale wa zaka 60 amabweza zitatu. Sankhani tsiku m'sabata ziwiri zikubwerazi, muuze akunyumba, ndipo usiku wake mutaye ndudu, machesi ndi fodya yense wotsala. Chibaba chimavuta kwambiri masiku atatu oyamba ndipo chimazilala pa sabata ziwiri mpaka zinayi. Chikabwera chimakhala mphindi zitatu mpaka zisanu n'kupita, ndiye imwani madzi, tafunani nzimbe kapena mtedza wosathira mchere, chokani pamalo pamene mwakhala. Mwezi woyambawo musapite kubala, chifukwa ambiri amene amabwerera ku fodya amagwera pa botolo lachiwiri. Kwa asodzi nthawi yovuta ndi usiku panyanja podikira nsomba, pamene ndudu imazungulira bwato lonse. Uzani anzanu musanakwere kuti ikafika pa inu idutse.

Mowa ndi wosiyana, ndipo apa tikuchenjeza mwamphamvu. Fodya mutha kumusiya lero lomwe popanda ngozi. Koma munthu amene amamwa tsiku lililonse, amene m'mawa manja amanjenjemera mpaka atalawako, asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Kunjenjemera ndi thukuta zimayamba pa maola 6 mpaka 24, kukomoka ngati wakhunyu kumatha kubwera m'masiku awiri oyamba, ndipo tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu, kuona zinthu zimene palibe, thupi kutentha, mtima kuthamanga. Zimenezi zimapha. Wotere apite kuchipatala ndi wachibale, akanene zoona za mlingo umene amamwa ndi ola limene anamwa komaliza, kuti amupatse mankhwala a diazepam, amene mlingo wake umachepetsedwa pang'onopang'ono, pamodzi ndi vitamini B1, ndipo wachibaleyo asamusiye yekha mpaka masiku asanu atadutsa.